Tisalole Manja Odziwa Filimu Athe Mu Lusaka

Pali nchito ina imene anthu ambili mu Lusaka sanaionepo, ndipo olo amene anaimililapo pafupi ndi woicita sanaione bwino, cifukwa imacitikila m'thumba lakuda. Ndi nchito yoika filimu mu magazini ya kamela yojambulila makanema. Maganizo anga ndi akuti makoleji athu ophunzitsa utolankhani ndi zojambula ayenela kuyambanso kuiphunzitsa, ndipo ayambe manje, akuluakulu amene anali kuigwila akali moyo. Ndidziwa kuti ena mwayamba kale kuseka. Mwana wa giledi 7 ku Chelstone ali ndi foni yojambula kanema wooneka bwino kuposa zimene agogo ake anali kupenyelela pa TV, nanga filimu ni yaciani? Funso limenelo ndi labwino, ndipo ndiliyankha. Koma coyamba lekani ndifotokoze nchitoyo, cifukwa mfundo yanga yonse yagona pa mmene imagwilidwila.

Magazini imene ndikamba si ija yowelenga. Ndi bokosi lacitsulo lotsekeka zolimba, losalowa kuwala olo pang'ono, limene amalimanga pa kamela. Mkati mwake muli zipinda ziwili. Cina cimasunga filimu yatsopano, cina cimalandila filimu imene yajambulidwa. Filimu imene atolankhani ndi maofesi a boma anali kugwilitsila nchito kwambili ndi ya 16mm, imene kampani ya Kodak inayamba kupanga mu 1923. Mpukutu umodzi wa mafiti 400, amene ndi mamita pafupifupi 122, ndiwo unali kudzaza magazini ya makamela monga Arriflex ndi Éclair. Kamela imajambula zithunzi 24 pa sekondi iliyonse, conco mpukutu wonsewo umatha m'mamineti pafupifupi 11 cabe. Kamela yaing'ono ya Bolex, ija yocita kupukusa ndi dzanja monga wochi yakale, inali kutenga mafiti 100, amene sakwana olo mamineti atatu. Akatha mamineti amenewo, kujambula kwaima mpaka wina abweletse magazini ina yodzaza.

Wodzaza magazini amayamba ndi kuyeletsa. Amapukuta mkati mwa bokosi kuti musakhale fumbi kapena katsitsi, cifukwa kamcenga kamodzi kakhoza kukanda mzele pa mpukutu wonse, kucokela pa cithunzi coyamba mpaka cothela. Amasamba m'manja n'kuwaumitsa, amavula wochi ngati ndi yowala mumdima. Ndiyeno amaika magazini ndi citini ca filimu m'thumba lakuda la nsalu ziwili ndi mazipi awili, n'kutseka, n'kulowetsa manja ake m'mikono iwili ya thumbalo mpaka kupitilila zigongono. Kuyambila apo maso alibenso nchito. Amatsegula citini, amatulutsa mpukutu m'kathumba kake, amamatula katepi kogwila nsonga n'kukasunga pamalo amene adziwa, cifukwa katepi kameneko kakatsalila mu magazini kamatsamwitsa kamela. Amagwila mpukutu mouchinjiliza pansi, popeza ukagwila m'mbali cabe, pakati pamagwa ndipo filimu imakhuthuka monga matumbo a nkhuku. Amamva ndi zala mbali imene inapakidwa mankhwala ogwila cithunzi, amaukhazika pa msomali wake moyang'ana koyenela, amalowetsa nsonga pa kampata mpaka mano a kamagudumu aigwile, n'kutseka citseko.

Pa magazini monga ya Arriflex 16SR, citseko cimeneco cikatsekeka, zotsala amazicitila poyela. Amakoka filimu mpaka pa cizindikilo kuti lupu ikhale ya msinkhu woyenela. Lupu ndi kagawo kolendewela kamene kamalola filimu kuima pang'ono kumbuyo kwa diso la kamela pa cithunzi ciliconse, pamene mpukutu wonse ukupitiliza kuzungulila. Ikafupika, filimu imaduka kapena cithunzi cimanjenjemela. Ikatalika, imakhula pa citsulo n'kukandika. Akatha amamanga nsonga pa kampukutu kopanda kanthu ka cipinda caciwili, amatseka, amamata tepi m'mphepete mwa zitseko. Cothela, amalemba pa tepi: mtundu wa filimu, nambala ya mpukutu, nambala ya magazini, tsiku, utali wake. Kujambula kukatha amabwelelanso m'thumba, amacotsa filimu, amaibwezela m'citini, amamata, amasamutsila cilembo cija pa citini n'kuwonjezela kuti iyi yajambulidwa, asatsegule munthu kufikila itafika ku labu yotsukila.

Tangoganizilani kucita zimenezi m'mwezi wa October kuno kwathu, manja ali m'thumba lakuda, thukuta likutsika, wojambula akukuwa kuti fulumila, a Pulezidenti ayamba kukamba. Mphuno ikakunyeleza sungatulutse dzanja. Ukalakwitsa n'kulowetsa kuwala kwa sekondi imodzi, mbali ya mpukutuwo yapsa, ndipo madzi akatayika sawoleka. Coopsa n'cakuti sudziwa tsiku limenelo. Kamela ya filimu ilibe pobwezela kuti uone zimene wajambula. Umadziwa patapita masiku, filimu itatsukidwa, pamene msonkhano unatha kale ndipo alendo anakwela ndeke. Mbendela ya Zambia inakwela kamodzi cabe pakati pa usiku wolowela pa 24 October 1964 ku Independence Stadium. Atsogoleli a maiko osagwilizana ndi mbali iliyonse, kuphatikizapo a Tito, a Indira Gandhi ndi a Haile Selassie, anakhala pansi ku Mulungushi mu September 1970 kwa masiku ocepa cabe. Kanema aliyense amene tili naye wa masiku amenewo alipo cifukwa munthu wina, amene dzina lake silichulidwa, anadzaza magazini bwino.

Nchito imeneyi ili ndi mbili yake kuno kwathu. Pakati pa 1935 ndi 1937 kunali nchito yoyesela kupanga mafilimu ophunzitsa anthu akuda, yochedwa Bantu Educational Kinema Experiment. Mmodzi wa oitsogolela anali Geoffrey Latham, amene kale anali mkulu wa maphunzilo a anthu akuda mu Northern Rhodesia, ndipo lole yao yoonetsa mafilimu inafika m'dziko lino. Mu 1948 kunakhazikitsidwa Central African Film Unit, imene likulu lake linali ku Salisbury, Harare ya lelo, ndipo inali kujambula mu Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland mpaka citaganya ca maiko atatuwa cinatha mu 1963. TV inayamba ku Kitwe mu 1961. Titalandila ufulu, a Zambia Information Services anali ndi ojambula ao ndi magalimoto oonetsa baisikopo m'maboma ndi m'midzi. Ofesi imeneyo inaphatikizidwa ndi Zambia News Agency mu 2005 n'kupanga ZANIS, imene ili ku Mass Media Complex pa Alick Nkhata Road pamodzi ndi ZNBC. Makolo athu ambili amakumbukila galimoto ija ikufika madzulo pa bwalo la sukulu, nsalu yoyela ikumangidwa, jeneleta ikulila. Zonse zimene anali kuona pa nsalu ija zinayambila m'thumba lakuda.

Manje funsani kuti mafilimu amenewo timawapenyelela kuti. Wofuna kuona a Kenneth Kaunda ali mnyamata, kapena Cairo Road ya m'ma 1960, nthawi zambili amapita pa YouTube n'kupeza kanema wa British Pathé. Kampani ya ku London imeneyo inaika mafilimu ake 85,000 pa YouTube mu 2014. Kupenyelela n'kwaulele, koma ukafuna kuika kacigawo mu filimu yako uyenela kuwalipila. Mafilimu a Central African Film Unit amasungidwa ku National Archives ya Zimbabwe ku Harare. Pa mafilimu 35 amene anapangidwa m'nchito ija ya 1935, atatu cabe ndiwo adziwika kuti anapulumuka, ndipo ali ku British Film Institute. Ine sindiwaimba mlandu anthu amenewa. Iwo anasunga zitini zao, anazilemba, anaziika pozizila. Koma dziko limene nkhope yake yakale ili m'nkhokwe za ena limadziona ndi maso a ena, limamva mbili yake ndi mau a wowelenga nkhani wa ku London amene sanali kudziwa olo kachulidwe ka maina athu.

Anansi athu a ku Mozambique ali ndi phunzilo lowawa pa nkhaniyi. Atangolandila ufulu mu 1975, boma la a Samora Machel linakhazikitsa Instituto Nacional de Cinema ku Maputo. Anaphunzitsa acinyamata ao kujambula, kudzaza magazini, kutsuka ndi kulumikiza filimu, ndipo anali kutulutsa kanema wa nkhani wochedwa Kuxa Kanema, woonetsedwa m'nyumba za baisikopo ndi pa magalimoto oyenda m'midzi. Mu 1991 moto unaononga nyumba yao ndi zipangizo zambili. Zitini zimene zinapulumuka ndizo zinathandiza Margarida Cardoso kupanga filimu yake ya mu 2003 yofotokoza mbili ya nchito imeneyo. Nchito ya zaka zoposa khumi ikhoza kuphwasuka tsiku limodzi, ndipo cotsalapo cimadalila kuti pali munthu wodziwa kucitola ndi kucisamala.

Komabe mdani wamkulu wa filimu kuno si moto. Ndi kutentha ndi cinyezi, zimene zimadya pang'onopang'ono popanda woona. Filimu ya 16mm yakale inapangidwa ndi pulasitiki yochedwa acetate. Ikakhala pofunda ndi ponyowa, imayamba kuwola n'kutulutsa asidi yemweyo amene ali mu viniga. N'cifukwa cake akatswili amaichula kuti matenda a viniga: ukatsegula citini, fungo lowawasa limakulandila. Filimu imafota, imapindika, imauma n'kuyamba kuthetheka, ndipo asidi amene yatulutsa amafulumizitsa kuwola kwake komanso amadwalitsa zitini zoyandikana nazo. Matendawa akayamba sabwelela m'mbuyo, ungangowacedwetsa mwa kuika filimu pozizila ndi pouma. Filimu ya makala nayo imasuluka n'kusanduka yofiilila, ndipo cuku cimamela pa mbali ija ya mankhwala. Ganizilani nyengo ya Lusaka: kutentha kwa October, kenako mvula kucokela November mpaka March kapena April, caka ndi caka. Wonjezelani kuzimazima kwa malaiti monga kuja kwa mu 2024, pamene madzi anatsika ku Kariba ndipo makina oziziitsa m'nyumba anali kugona maola ambili. Citini cimene cinatsekedwa mu 1970 caona nyengo zimenezi maulendo oposa 50.

Apa ndi pamene manja aja afunika. Filimu yakale yotsukidwa kale siopa kuwala, koma malamulo ena onse a wodzaza magazini ndi omwe aja. Gwila m'mphepete, usaike cala pa cithunzi. Dziwa mbali ya mankhwala. Chinjiliza pakati pa mpukutu. Usakoke nsonga kuti umangitse mpukutu, cifukwa kukoka kumakanda. Munthu amene zala zake zinazolowela filimu yabwino amamva msanga filimu yofota, ndipo adziwa kuti yotelo saiika mu pulojekita, cifukwa mano a makina sagwilizananso ndi tumabowo twa m'mbali, amangoing'amba. Adziwa kukonza polumikiza pomatuka, kuika mutu watsopano pa mpukutu, ndi kuwelenga tuzizindikilo tumene a Kodak anali kusindikiza m'mphepete mwa filimu, tumene tumaonetsa caka cimene inapangidwa. Adziwanso kuti citini comata tepi colembedwa kuti sicinatsukidwe sacitsegula poyela. Zinthu izi suphunzila mwa kupenyelela vidiyo pa foni. Zimalowa m'zala mwa kubweleza, coyamba maso ali otsegula, kenako otseka, kenako m'thumba. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndamva zotsutsa zitatu, ndipo zonse zili ndi nzelu. Coyamba ndi ndalama. Filimu yatsopano ndi yodula, imacita kuitanitsidwa kunja, ndipo kutsukitsa ndi ndalama zina. A Fujifilm analeka kupanga filimu yojambulila makanema mu 2013, a Kodak nao anatsala pang'ono kugwa mu 2012. Koleji imene ivutika kugula makamela a masiku ano okwanila ophunzila onse ingayambe bwanji zimenezi? Yankho langa n'lakuti sindipempha kuti ophunzila azijambula pa filimu. Kuphunzila kugwila filimu kufuna magazini imodzi yakale, thumba limodzi lakuda limene telala wa ku Kamwala angasoke ataonetsedwa citsanzo, tebulo yopukusila, ndi mpukutu umodzi woonongeka kale wongoyeselela. Mpukutu umenewo ungadutse m'manja mwa ophunzila ambili caka conse. Mtengo wake sufika olo pa laputopu imodzi yabwino.

Cotsutsa caciwili n'cakuti tingogula makina a scanner, tisamutsile zonse pa kompyuta, nkhani ithe. Kusamutsa n'kofunika ndithu, ndipo ndiko kudzacititsa kuti mwana wa ku Kabwata aone mbili yake pa foni. Koma makinawo sadzidyetsa okha. Mpukutu uliwonse uyenela kuyang'anidwa, kuyeletsedwa ndi kukonzedwa ndi munthu usanalowe m'makina, apo ayi makina odula aja amangomaliza kuononga. Ndiponso tisaiwale msanga zimene taona ndi maso athu. Makaseti a VHS a maukwati a makolo athu ali m'makabati, koma makina owaonetsela analeka kupangidwa mu 2016. Ife a pa wailesi tadutsa mu kaseti, MiniDisc, CD, flash ndi memory card, ndipo ciliconse cinabwela cikulonjeza kuti n'camuyaya. Hard drive imafa tsiku limodzi popanda kutsazika. Filimu yosungidwa pozizila ndi pouma imakhala zaka zoposa 100, ndipo kuti uone zili pamenepo ufunika cabe maso ndi nyale. Conco tikasamutsa, citini sitimataya, ndipo wocisamala afunikabe. Akatswili ocokela kunja angabwele kwa milungu iwili n'kutiphunzitsa zambili, koma mvula ya December ikayamba kudontha padenga la nkhokwe amakhala atabwelela kwao.

Cacitatu n'cimene cimandigwila mtima kwambili. Ena amati mafilimu ambili akale anali mabodza a atsamunda, ndipo a pambuyo pa 1972 anali otamanda cipani cimodzi, nanga tiwasungilenji? N'zoona kuti ambili anapangidwa kuti aphunzitse munthu wakuda kumvela bwana, ndipo ena anapangidwa kuti aombele m'manja wolamulila. Koma kamela imagwila zambili kuposa zimene mwini wake anafuna. Kumbuyo kwa bwanamkubwa wodula riboni kuli amayi atavala citenge ca nthawi imeneyo, kuli msika, kuli nyumba zimene zinagwetsedwa, kuli mtengo pamene lelo pali filling station. Ku Kabwata Cultural Village pa Burma Road kuli nyumba zozungulila zaudzu zimene atsamunda anamangila anchito acikuda. Sizinamangidwe mwa cikondi, ndipo zambili zinagwetsedwa kuti pamangidwe mafulati, koma zocepa zinasiyidwa, ndipo lelo mwana akhoza kulowamo n'kuona yekha mmene agogo ake anali kukhalila mu tauni. Filimu yakale ndi nyumba yotelo. Bodza limene lili mmenemo ungalitsutse kokha ngati filimuyo ilipo kuti uionetse.

Ndiponso filimu sinafe monga mmene ambili aganizila. Oppenheimer ya Christopher Nolan, ya mu 2023, inajambulidwa pa filimu yaikulu ya 65mm, ndipo panali anthu olipidwa kudzaza magazini mumdima tsiku lililonse. Ojambula ena a nyimbo ndi otsatsa malonda abwelelanso ku 16mm cifukwa ca maonekedwe ake. Zambia nayo yalowa pa mapu a mafilimu. A Rungano Nyoni, obadwila mu Lusaka, analandila mphoto ya BAFTA mu 2018 cifukwa ca I Am Not a Witch, ndipo mu 2024 anapatsidwa mphoto ya wotsogolela filimu ku Cannes cifukwa ca On Becoming a Guinea Fowl. Magulu ojambula akamabwela kuno amafuna anthu akuno odziwa nchito za pa kamela. M'magulu amenewa, wothandiza waciwili wa kamela ndiye mdzukulu wa wodzaza magazini: amamenya kabolodi kaja koyambila, amalemba lipoti la kamela, amasunga makhadi. Mnyamata kapena mtsikana amene anaphunzila mwambo wa thumba lakuda ali patsogolo pa anzake olo kamela ikhale ya memory card.

Mwambo umenewo ndi umene ndiona kuti tasowa ife tonse ojambula masiku ano, ndipo pano ndikamba monga munthu wodzipeleka pa wailesi ya m'dela. Lowani mu kompyuta ya situdiyo iliyonse yaing'ono, mudzapeza mafailo mazanamazana a maina monga Recording 047 ndi New Folder 3. Mkati mwake muli mau a mfumu imene inamwalila, muli amayi a pa msika ofotokoza za kolela, muli kwaya imene inapasuka. Palibe tsiku, palibe dzina, palibe malo. Disiki ikadzala, wina amafafaniza zakale kuti apeze malo a pulogilamu ya mawa. Ojambula maukwati ndi ma kitchen party ku Woodlands ndi Kabulonga amajambula maola 8, amapeleka mamineti 40, ndipo sabata yotsatila khadi yomweyo aifafaniza. Wodzaza magazini sanali kulola citini kucoka m'manja mwake cisanalembedwe, cifukwa anali kudziwa kuti sangacitsegule kuti aone zili mkati. Ndipo wojambula amene anali ndi mamineti 11 cabe anali kuganiza asanadinize batani: ndiima kuti, ndifuna ciani, ndani ayenela kuoneka. Kucepa kwa filimu kunali mphunzitsi. Ife tili ndi malo ambili osungila, koma pakapita zaka khumi tidzapeza zocepa zodziwika mwini wake.

Conco pempho langa ndi ili. Evelyn Hone College, ZAMCOM ndi dipatimenti ya zofalitsa nkhani ku UNZA aike m'maphunzilo ao kagawo ka milungu yocepa ka kugwila filimu: kudzaza ndi kukhuthula magazini, kupukusa, kuzindikila matenda a viniga, kulumikiza, ndi kulemba citini. Aphunzitsi ake asakhale ocokela m'mabuku cabe. Aitane azibambo ndi azimayi amene anagwila nchito ya kamela, ya mu labu ndi yolumikiza filimu ku Zambia Information Services ndi ku TV m'ma 1960 ndi 1970. Munthu amene anali ndi zaka 25 mu 1975 lelo wapitilila zaka 70. Awalipile monga akatswili, asawapatse cabe ya basi ndi botolo ya madzi. Ophunzila akadziwa, apite kukagwila nchito yoyeselela ku National Archives of Zambia, ku ZANIS, ku ZNBC ndi ku Lusaka National Museum, moyang'anilidwa, akawelenge zitini, akazinunkhize, akalembe ndandanda imene munthu wamba angathe kuiona. Dziko silingapemphe thandizo lopulumutsa cinthu cimene silinacilembe. Kunja kuli mabungwe ocita zimenezi, monga African Film Heritage Project imene inayamba mu 2017 mogwilizana ndi UNESCO ndi bungwe la Martin Scorsese, koma amayamba ndi kufunsa kuti muli ndi ciani ndipo cili bwanji.

Ife a mawailesi a m'madela tili ndi gawo lathu, ndipo silifuna cilolezo ca nduna. Tiwafunefune akuluakulu amenewa, tikhale nao pansi, tiwajambule mau akufotokoza nchito yao: kamela imene anali kunyamula, kumene anali kutsukitsa filimu, tsiku limene magazini inatsamwa pakati pa msonkhano, amene anawaphunzitsa. Akakhala ndi zithunzi, awachule maina anzao amene ali pamenepo. Mau a akulu akoma akagonela, koma amagonela kokha ngati wina anawasunga. Pa 27 October caka ciliconse, UNESCO imakumbutsa dziko lonse za kusunga mafilimu ndi mau ojambulidwa. Ndi masiku atatu cabe pambuyo pa cikondwelelo cathu ca ufulu, pamene TV imakhala ikuonetsa makanema akale aja. Sabata imeneyo ndi yabwino kuulutsa mapulogilamu otele. Ndipo failo iliyonse imene tijambula tiipatse dzina tsiku lomwelo: tsiku, munthu, malo, wojambula. Tiisunge pa malo awili kapena atatu osiyana.

Inunso owelenga mukhoza kukhala ndi mbali ya nkhaniyi m'nyumba mwanu. Mabanja ena a ogwila nchito m'boma, a m'migodi, a m'machalichi ndi a masukulu anali ndi tumakamela twa 8mm ndi 16mm. Ngati m'galaji ku Woodlands kapena m'sutukesi ya malemu atate ku Chilenje muli zitini zozungulila zacitsulo, musazitaye ndipo musawapatse ana kuti aziseweletsa. Zicotseni kudenga ndi pafupi ndi khichini, muziike m'cipinda cozizilako ndi couma, mozigoneka cafulati. Cimene cinunkha viniga cipatuleni kwa zinzake. Zolembedwa pa citini musazimatule olo zikhale zothimbilila, ndipo zijambuleni ndi foni. Musafulumile kubweleka pulojekita yakale kuti muone, cifukwa ulendo umodzi umenewo ukhoza kukhala wothela. Funsani akulu a m'banja amene akali moyo kuti anajambula ndani, liti, kuti, n'kulemba pa pepala. Ndiyeno funsani ku National Archives kapena ku myuziyamu kuti akuuzeni zoyenela kucita.

Zaka zingapo zikubwelazi ndizo zidzagamula nkhaniyi. Zitini zikuwola pa liwilo lake, ndipo anthu odziwa kuzigwila akukalamba pa liwilo lao. Makina a scanner tikhoza kugula caka ciliconse ndalama zikapezeka, koma munthu amene anadzaza magazini pa bwalo la ndeke a Tito akutsika, akapita wapita ndi zonse zili m'zala zake. Ngati mudziwa mkulu wotele m'dela lanu, kaya ndi amalume anu kapena aneba opuma nchito, pitani mukawaone sabata ino, muwafunse ngati angalole kuonetsa acinyamata mmene anali kucitila. Thumba lakuda tidzasoketsa.